Kukwera Chambe Chifukwa cha Nambala Imodzi

Minibasi yopita ku Mulanje inanyamuka pa Limbe 6 koloko m'mawa itangodutsa, titakhalamo kale mphindi makumi anayi kudikira munthu mmodzi amene kondakitala ankalumbira kuti ndi yekhayo watsala. Ndinalipira K7,000, ndipo anandiika pampando wa pamwamba pa tayala, mawondo ali pachifuwa, chikwama chili pamawondopo. M'chikwamamo munali laputopu, mawaya awiri atsopano, sikuludilaiva, jekete ndi mabanzi anayi. Linali Lachiwiri, mwezi wa Novembala, ndipo masana aliwonse mitambo inali itayamba kale kuunjikana.

Dzina langa ndine Esinati. Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta pa kabungwe kena kakang'ono mu Blantyre. Chaka chatha tinakaika kabokosi pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Chambe. M'kabokosimo muli kakompyuta kosaposa chikhatho, koyendera batire ndi sola, ndipo tinakalumikiza ndi zida zitatu: choyezera mvula, choyezera mphepo ndi choyezera chinyezi cha nthaka. Kakompyutako kamawerenga zidazo n'kutumiza meseji kwa ife ku ofesi ndi kwa anthu angapo a m'midzi ya m'munsi mwa phiri. Chida chachinayi chinachedwa kufika, chonsecho ndicho chinali chofunika kuposa zonse: choyezera kukwera kwa madzi mumtsinje. Madzi akakwera mwadzidzidzi kumtundako, anthu a kumunsi amapeza kanthawi kotola ana ndi kuthawira pokwera napolo asanawapeze. Waya wake tinali titayala kale. Chidacho chitafika mu Okutobala tinachitumiza kuphiri, anachimangirira, analumikiza. Milungu itatu inatha chisanatumize ngakhale nambala imodzi.

Ku ofesi tinagwirizana msanga kuti wolakwa ndi bambo Muhiwa, amene amayang'anira nazale ya mitengo ku Chambe ndipo amatisungira kabokosiko. Anthu a m'tauni tikazungulira tebulo sitichedwa kupeza wolakwa, makamaka akakhala kuti ali kutali. Ndinawaimbira katatu konse. "Wayayo mwalowetsa bwino? Tazulani, mulowetsenso." Ulendo wachitatu anangoti, "Achemwali, ndazula ndi kulowetsa mpaka chala chatupa. Bwerani mudzaone nokha." Kabokosiko sungakakonze uli kutali, kamangodziwa kutumiza meseji basi. Ndiye ndinapakira.

Tinadzera msewu wa Midima. Pa Nkando tinaima kuti akweze matumba a feteleza padenga, ndipo bambo wina wachikulire wovala suti yabulawuni, amene anakhala pambali panga, anagula zitumbuwa pawindo n'kundigawirako chimodzi. Anandifunsa kumene ndinkapita. Nditawauza, anawerama n'kuyang'ana mapazi anga.

"Phiri mukukwera ndi nsapato zimenezo?"

"Ndi zothamangira izi, bambo."

"Kumeneko sathamanga mayi, amakwawa." Anati anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ya tiyi, phirilo ali kuliona tsiku lililonse, koma sanaikepo phazi. "Ndinaona kuti likuoneka bwino ndili pansi pomwepa."

Titawoloka Thuchila phirilo linayamba kukula pagalasi lakutsogolo, ndipo ndinayamba kumvetsa maganizo awo.

Pa Chitakale tinafika cha m'ma 8 koloko. Ndinamwa tiyi wamkaka ndi chinangwa chophika pa kanyumba kena, ndinagula chinanazi chosenda kale m'jumbo, kenako ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Likhubula. Anatchula K4,000, tinamvana pa K3,000, ndipo kuti abweze chipongwecho anathamanga ngati kumbuyo kukubwera njuchi. Kudzanja lamanja khoma la Chambe linali chiimire, thanthwe lokhalokha lotuwa, lopanda pogwira. Ndinaganiza zoti ndisaliyang'anenso mpaka nditatsika.

Ndisanayambe kukwera ndinafuna kuonana ndi mayi Nakoma, mmodzi wa anthu amene amalandira mameseji athu. Ndinawapeza akugulitsa nthochi pafupi ndi mlatho, wezulo ili m'khosi pachingwe chofiira. Ntchito yawo ndi yoti meseji ya ngozi ikafika, aimbe wezuloyo ndi kuthamanga nyumba ndi nyumba. Tinalonjerana, ndipo nditangodzitchula anatulutsa foni yawo m'mpango.

"Ndinu eni ake a zimenezi? Taonani. Mphepo, mphepo, mphepo. M'mawa uliwonse imandiuza za mphepo. Ine mphepo ndichite nayo chiyani? Ndiuzeni za madzi."

Ananditengera kuseri kwa msika n'kundionetsa miyala ikuluikulu, ina kuposa minibasi ndinakwera ija, ili mbwee pamalo pamene tsopano pamera udzu. "Apa panali nyumba ya alamu anga. Apo panali khola. Kuno tsiku limenelo kunkangowaza, mvula yeniyeni inagwa kumtunda, ife osadziwa." Ine sindinafunse za alamu awowo. Anandipatsa nthochi zitatu, anakana ndalama, n'kunena kuti, "Mukatsika mutsike ndi madziwo m'fonimu."

Wondiperekeza anali bambo Zuze, munthu wa zaka za m'ma fifite, wamfupi, wa miyendo ngati mitengo ya mlombwa. Anabadwira kutsidya kwa malire, anabwera kuno ali mnyamata kuthawa nkhondo, ndipo kwa zaka zambiri ankasenza matabwa kuchokera pamwamba pa phiri. Anatenga chikwama changa, anachiyesa kulemera ndi chala chimodzi, n'kuseka. Tinayamba kukwera 9 koloko itadutsa ndi theka, kudzera njira ya Skyline, imene iwo anati ndi yachidule. Sananame, koma sananene kuti chidule chakecho n'choimirira.

Ola loyamba ndinkayankhula. Ola lachiwiri ndinkangoyankha. Dzuwa linali pamsana, thukuta likulowa m'maso, ndipo mwala uliwonse umene ndinkauona ngati womaliza unali ndi mkulu wake kumbuyo. Tinapatukira amayi anayi amene ankatsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa chitseko, opanda nsapato, akuthamanga ndiponso akucheza. Womaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pepani achemwali, mwatsala pang'ono." Bambo Zuze anadikira kuti apite, kenako anati, "Amakuuzani choncho aliyense. Sitinafike ndi pakati pomwe."

Cha m'ma 11 koloko ndinakhala pansi pamwala wina waukulu wafulati. Tinadya chinanazi ndi mabanzi awiri. Pansi pathu minda ya tiyi inali ngati nsalu yobiriwira yoyanikidwa, ndipo malata a pa Likhubula ankang'anima ngati timagalasi. Kunena zoona, ndinaganiza zobwerera. Ndinaganiza zopatsa bambo Zuze mawaya awiri aja kuti akapereke kwa bambo Muhiwa, ine ndikadikire pansi ndi fanta yozizira. Iwo anaona nkhope yanga.

"Chawonongeka kumtundako n'chiyani kwenikweni?"

"Waya. Kapena analowetsa molakwika."

"Mwauona?"

"Ayi."

"Aa. Ndiye tiyeni mukauone."

Ndinaimirira. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyang'ana kumtunda. Ndinkayang'ana zidendene za bambo Zuze, ndikuponda pamene iwo achotsa phazi, ndikuwerenga mpaka makumi asanu, ndikupuma, ndikuyambiranso. Penapake ndinakwawadi ndi manja, ndipo ndinathokoza kuti panalibe wa ku ofesi wondiona.

Tinatulukira pamwamba nthawi ili cha m'ma 1 koloko ndi theka. Munthu amayembekeza nsonga, koma amapeza chidikha chachikulu cha udzu, zitsa za paini ndi timitsinje, chozunguliridwa ndi mapiri enanso. Mphepo yake inandiumitsa thukuta nthawi yomweyo. Tinayenda kwa theka la ola pamalo athyathyathya, ndipo miyendo yanga, imene inali itazolowera kukwera, inkaponda ngati ya munthu woledzera.

Bambo Muhiwa tinawapeza akuthirira timitengo ta mkungudza m'timachubu takuda, mazanamazana, tondandalikidwa pansi pa mthunzi wa udzu. Ndi munthu wamtali, wochepa thupi, wovala chipewa chaubweya ndi magambutsi. Anapukuta dzanja pabuluku asanandipatse moni.

"Mwafika achemwali. Tiyi kaye kapena waya kaye?"

"Waya kaye."

"Ndinadziwa."

Kabokosiko kali m'kanyumba ka matabwa kumbuyo kwa nazale. Nditatsegula ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa munali mwaukhondo kuposa mmene tinasiyira. Mawaya anayi onse anali olowa bwinobwino, ndipo aliyense anammangirira kapepala kolembedwa ndi bolopeni: mvula, mphepo, nthaka, madzi. Komabe ndinazula wa madziwo n'kuikapo watsopano, chifukwa munthu ukasenza waya kuchokera ku Limbe umafuna ndithu akhale wolakwa ndi wakaleyo. Ndinadikira mphindi zisanu. Palibe chinasintha. Ndinayesa waya wachiwiri, zomwezo. Bambo Muhiwa anaima pakhomo, manja kumbuyo.

Ndinatulutsa laputopu n'kuilumikiza ku kakompyutako. Apa ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera. Chida chilichonse chimalowa pa kakhomo kake, kamene ife timati poti, ndipo kompyuta imapatsa poti iliyonse dzina lokhala ndi nambala kumapeto. Kuwerenga kwake kumayambira pa ziro, osati pa wani. Ndinaifunsa kuti ikuona mapoti angati, ndipo inayankha mosazengereza: ttyUSB0, ttyUSB1, ttyUSB2, ttyUSB3. Anayi. Ndinatsegula yachinayiyo pandekha, ndipo manambala anayamba kutsika pagalasi, mzere uliwonse sekondi iliyonse. Chida cha madzi chinali chamoyo. Chinakhala chikuyankhula milungu itatu yonseyo, popanda wochimvera.

Woyenera kuchimvera anali pulogalamu yanga. Pofuna kuti munthu woika kabokosi asamavutike kulemba mayina ataliataliwo, ndinakonza zoti azingolemba manambala awiri, woyambira ndi wothera, ndipo kachigawo kena ka pulogalamuyo, ka mizere isanu ndi umodzi yokha, kamasandutsa manambalawo kukhala mayina a mapoti. Ndinatsegula pamene timalemba manambalawo. Panali 0-3. Ziro, wani, thu, firii: zida zinayi, zolondola ndithu. Ndinatsegula kaundula amene pulogalamuyo imalemba ikamayamba ntchito. Inalemba kuti yatsegula ttyUSB0, ttyUSB1 ndi ttyUSB2. Basi.

Ndinayang'ana mizere isanu ndi umodzi ija, ndipo ndinaona pamene panali vuto. M'chilankhulo cha kompyuta chimene ndinalembera, ukauza makina kuti awerenge kuyambira 0 mpaka 3, amalekezera pa 2. Nambala yomalizayo saiphatikiza, pokhapokha uwonjezerepo imodzi wekha. Zimenezi amaphunzitsa mwezi woyamba ku koleji. Ine sindinawonjezere.

Choipa kwambiri n'chakuti ndinakumbukira tsiku lake. Chaka chatha, tikuyesa kabokosiko ku ofesi galimoto ikutidikira panja, ndinalemba 0-2 pa zida zitatu, ndipo zinayankha ziwiri zokha. Ndinasintha n'kulemba 0-3, zonse zitatu zinayankha, ndinawomba m'manja, tinapakira. Sindinadzifunse chifukwa chake. Chida chachinayi chitafika ndinayang'ana papepala, ndinaona 0-3, n'kuuza aliyense kuti malo ake alipo kale, chongofunika n'kulowetsa waya.

"Mwalipeza vutolo?" anafunsa bambo Muhiwa.

Ndikanatha kunena kuti ndi vuto la makina, ndipo sakanadziwa. Ndinatembenuza laputopu kuti aone, ngakhale panalibe choti angawerengepo.

"Ndalipeza, bambo. Waya wanu ulibe mlandu. Munalowetsa bwino tsiku loyamba lomwe. Ndinalakwitsa ndine polemba. Pepani kwambiri."

Anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso. "Ndiye chala changa chinatupira chabe?"

"Chinatupira chabe."

Bambo Zuze, amene anakhala pachitsa panja akusenda mbatata yootcha, anafuna kudziwa kuti cholakwikacho n'chotani. Ndinayesa kufotokoza za nambala yomaliza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Dikirani. Inu mwandilemba kuti ndikuperekezeni mpaka ku Chambe. Ine n'kukusiyani pamwala munapumira paja, n'kumati tafika. Mungandimvetse?"

"Ayi."

"Ndiye makina anuwo mpaka wawo ndi wabodza."

"Makinawo ananena kale kuti mpaka wawo ndi wotero. Amene sanamvere ndine."

"Aa, ndiye nonse awiri muli ndi mlandu," anatero, n'kundipatsa theka la mbatatayo.

Nthawi inali itadutsa 3 koloko. Kumbali ya Lichenya mitambo inali itada bii, ndipo bingu linagunda kawiri chapatali. Batire ya laputopu inatsala pang'ono kufika pa kota. Njira yachangu inalipo: kufufuta 3 n'kulemba 4. Zida zonse zinayi zikanayankha pompo, ndipo ndikanamwa tiyi wanga mwamtendere. Chala chinafika pabatani ndithu. Koma imeneyo ndi njira yomwe ija ndinadzera chaka chatha galimoto ikulira panja, ndipo ndiyo inandikweza phiri. Wina akanadzabwera m'tsogolo, n'kuona 0-4 pa zida zinayi, n'kukonza mwaulemu kuti zikhale zolondola, chida cha madzi n'kukhalanso chete. Ndinachotsa chalacho.

Ndinakhala pansi pa matabwa, laputopu pamiyendo, n'kulembanso kachigawo konse. Kuwonjezera imodzi kunatenga sekondi. Zotsalazo ndi zimene ndinayenera kuchita kalekale. Ndinakayesa ndi 0-3, kanatulutsa mayina anayi. Ndinakayesa ndi 0-0, kanatulutsa limodzi. Ndinalemba 2 yekha, kanatulutsa ttyUSB2. Ndinalemba 3-0, chambuyo, monga angachitire munthu wotopa, ndipo kanangotulutsa mndandanda wopanda kanthu, mwakachetechete, ngati zonse zili bwino. Kuchetechete kumeneko ndiko kunatipweteka, choncho ndinakaphunzitsa kukana ndi kunena chifukwa. Pomaliza ndinawonjezera chinthu chimodzi: pulogalamuyo ikamayamba, iziwerenga mayina amene yapanga, iziwerenganso mapoti amene kompyuta ikuona, ndipo zikasiyana itumize meseji ku ofesi yonena kuti pali chida chimene palibe akuchimvera. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndinkalakwitsa zilembo, ndikufufuta, ndikulembanso. Bambo Muhiwa anaika kapu ya tiyi pambali panga, ndipo ndinaimwa itazizira.

Ndinazimitsa kabokosiko n'kukayatsanso. Kaundula analemba mayina anayi. Koma tsiku limenelo ndinali nditasiya kukhulupirira zolembedwa pagalasi. Ndinafuna kuona meseji ya ngozi ikufika m'manja mwa munthu.

Chida cha madzicho chimalendewera pa mkono wachitsulo pamwamba pa kamtsinje kamene kamakathira mu Likhubula, ndipo chimayeza mtunda wochokera pamene chilipo kufika pamadzi. Mtundawo ukachepa msanga, ndiye kuti madzi akukwera. Bambo Muhiwa anati atenga thabwa, akaliika pansi pa chidacho n'kumalikweza pang'onopang'ono, chidzaganiza kuti ndi madzi. Anali atanyamula kale thabwalo pamene bambo Zuze anakuwa.

"Imani! Mwawauza a kumunsi? Mayi Nakoma akaimba wezulo ija, msika wonse ukwera m'mitengo. Mawa inu mutsikira njira iti?"

Foni yanga inalibe netiweki. Kabokosiko kali ndi mlongoti wake padenga, koma munthu wamba ku Chambe amaimbira pamwala umodzi wokha, umene bambo Muhiwa amautcha ofesi. Ndinakwera pa ofesipo, mphepo ikundikankha, ndikukweza foni m'mwamba mpaka kanatuluka kamzere kamodzi.

"Mayi Nakoma! Ndine Esinati, ndili kumtunda. Ibwera meseji yoti madzi akwera. Musaimbe wezulo, tikungoyesa!"

"Mwati madzi akwera?"

"Ayi! Tikuyesa! Musaimbe!"

"Oo, kuyesa. Chabwino. Ndiwauza anzanga enawo."

Ndinakweza dzanja, ndipo kumtsinje kuja bambo Muhiwa, ali m'madzi ofika m'magambutsi, anayamba kukweza thabwa. Ndinakhala pamwalapo ndikuyang'ana foni. Mphindi imodzi. Ziwiri. Madontho oyamba anayamba kugwa, akuluakulu, ozizira ngati achokera mufiriji. Pa mphindi yachitatu foni inanjenjemera: chenjezo, madzi akwera msanga ku Chambe. Ndisanamalize kuwerenga inayamba kulira.

"Yafika!" anatero mayi Nakoma. Kumbuyo kwawo kunkamveka amayi ena akuyankhula onse nthawi imodzi. "Yafika kwa ine, yafikanso kwa anzanga a Edina. Dzanja linapita lokha pa wezulo, ndachita kuligwira ndi linzake."

Ndinatsetsereka pamwalapo ndi matako, ndikukuwira bambo Muhiwa kuti atsitse thabwa. Tinathamangira m'kanyumba ka matabwa tonse atatu mvula itayamba kukhuthuka. Inagwa pafupifupi ola lathunthu, yamphamvu moti sitinkamvana. Ndinatsegulanso laputopu ndi batire yotsalayo, ndipo tinaonera limodzi nambala ya madzi ikusuntha, tsopano popanda thabwa. Inakwera pang'ono, inaima, kenako inayamba kutsika, osafika pa mlingo wa ngozi. Bambo Muhiwa anaiyang'anitsitsa mpaka galasi linazima lokha.

"Kamtsinje aka ndakhala nako zaka zambiri," anatero, "koma sindinakaonepo kakulemba."

Ndinagona m'nyumba ya alendo okwera phiri, nditavala zovala zonse zimene ndinali nazo. M'mawa, 6 koloko isanakwane, ndinapitanso kukaona kabokosiko. Ndinalemba papepala tanthauzo la manambala awiri aja m'Chichewa chomveka, n'kulimata mkati mwa chitseko chake. Bambo Muhiwa anandipatsa kamtengo kamodzi ka mkungudza kuti ndidzale ndekha kuseri kwa nazale, ati aliyense wofika kumeneko pa ntchito amadzala. Anandiyang'anira mpaka ndinatsendera dothi mmene iwo amafunira.

Potsika tinadzera njira ya Chapaluka, yotalikirapo koma yachifundo, yodutsa m'nkhalango ndi kuwoloka mtsinje kangapo. Anthu amati kutsika n'kosavuta. Amanena zimenezo ndi amene sanatsikepo pamiyala yonyowa ndi mawondo obwereka. Ndinagwa kawiri, ndipo kachiwiriko bambo Zuze anandidulira ndodo osandifunsa. Pa Dziwe la Nkhalamba tinapuma, ndinaviika mapazi m'madzi ozizira mpaka ndinasiya kuwamva, tinagawana mabanzi awiri otsala aja, amene tsopano anali ngati njerwa.

Ndili pomwepo, mapazi m'madzi, ndi pamene ganizo lina linandifikira. Pulogalamu imeneyi sinali ku Chambe kokha. Mnzanga wa ku ofesi, Madalitso, anakaika kabokosi kena ku Milonde mu Malichi, ndipo anatenga pulogalamu yanga yomweyo. Kumeneko kuli zida zitatu. Chachitatu sichinayankhepo chiikireni, ndipo tonse tinavomerezana kuti chinabwera chowonongeka kuchokera kumene tinagula. Ndinavala nsapato mapazi asanaume.

Netiweki inabwera titayandikira Likhubula, cha m'ma 11 koloko. Ndinamuimbira ndikuyenda.

"Mada, ku Milonde kuja, pa manambala a mapoti unalemba chiyani?"

"0-2. Zida zitatu, eti? Ziro, wani, thu. Bwanji?"

"Chachitatucho ndi cha chiyani?"

"Cha madzi. Chakufa chija."

"Sichinafe."

Madalitso anati, "Esinati, ukunena kuti chiyambire Malichi..."

"Eya. Ndikufotokozera bwino ndikabwera. Uwauze abwana kuti lero sindifika, ndipo lipoti lija lonena kuti chida chinabwera chowonongeka lilembedwenso. Dzina la wolakwa loti lilowepo ndi langa."

Ndinatsanzikana ndi bambo Zuze pamsewu. Anandiuza kuti ndodoyo ndipite nayo, poti mmene ndinkayendera ndikanaifuna mpaka Lamlungu. Kabaza wa ulendo uno anali wodekha, kapena anangondimvera chisoni. Pa Chitakale ndinapempha mayi wa kanyumba ka tiyi kuti nditchajeko laputopu, ndipo ndinadya mpunga wa nyemba ndikuyang'anira kanyale kake ngati mphika wa pamoto.

Panja makondakitala awiri ankalimbirana chikwama changa. Wina ankakuwa Limbe, wina Limbuli. Thupi lonse linkafuna Limbe: madzi otentha, bedi langa, mawa n'kudzuka mochedwa. Ku Milonde ndikanatha kupita sabata yamawa, ndi galimoto ya ku ofesi. Koma kum'mawa mitambo inali itayambanso kuunjikana, monga dzulo lake.

Ndaphunzira mapulogalamu zaka zambiri, koma chimene ndinachitenga ku Chambe si cha m'buku. Chinthu chikakana kugwira ntchito ndimafunsa chifukwa chake mpaka mutu kuwawa. Chikagwira mosayembekezeka ndinkangothokoza n'kupakira. Tsopano ndimafunsa pamenepo kwambiri, chifukwa kumapeto kwa mzere umene ndaulemba mothamanga kumakhala munthu amene sindinamuonepo, akudikira kuti foni yake ilire.

Ndinapereka chikwama kwa wa Limbuli, n'kumuuza kuti akanditsitse panjira yolowera ku Milonde. Anatchula K3,500. Sindinanenerere. Ndinalowetsa kaye ndodo, kenako mwendo umodzi, kenako unzake.